Mbale za Agogo: Yambani Mwagula Singano

Mbale za nyimbo zija tinkayesa kuti zinapita ndi nthawi ya agogo zabwereranso. Ku America, m'chaka cha 2022, anthu anagula mbale zambiri kuposa ma CD, zomwe zinali zisanachitikepo chiyambire 1987. Ife anyamata tikamaona zimenezi pa mafoni nthawi ya tchuthi, mtima umachita dyokodyoko kuti nafenso tikhale ndi galamafoni yathu.

Kwathu kwa Nsabwe, ku Thyolo, mbale si zachilendo. Azigogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ulendo umene boma linauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ankabwerako ndi njinga, mabulangete, galamafoni ndi mbale za kampani ya Gallo. Ena anazitenga ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Akalaliki ndi akapitawo a m'minda ya tiyi ankasunga ndalama mpaka kugula wailesi yoimbanso mbale, ndipo ku Blantyre kampani ya Nzeru inatulutsapo mbale za oimba a kuno kwathu. Makaseti atabwera makina aja anafa, koma m'nyumba zina mbale zikadali m'mabokosi pansi pa kama.

Maganizo anga ndi awa: munthu wa ndalama zochepa amene akufuna kumva mbale zimenezi ayambe waganizira singano ndi mkono wa makinawo. Kukongola kwa bokosi ndi kukula kwa masipika zibwere pambuyo. Makina akaonongeka mudzagula ena. Mbale ya agogo ikakandika, mwina palibenso kwina komwe mungaipeze.

Choyamba, dziwani mbale zimene muli nazo. Zilipo za mitundu itatu. Zazikulu, zokhala ndi nyimbo zingapo mbali iliyonse, zimazungulira ka 33 ndi pang'ono pa mphindi, ndipo anaziyambitsa a Columbia mu 1948. Zazing'ono, za ka 45, anaziyambitsa a RCA Victor mu 1949. Zakalekale, zolemera ndi zosachedwa kusweka ngati mbale yadothi, ndi za ka 78. Izi timizere take ndi totakata, choncho zimafuna singano yakeyake, ndipo makina ambiri a masiku ano alibe liwiro limeneli. Safunsa anadya phula: tsegulani bokosi la agogo muwerenge manambala musanapite ku Limbe.

Chachiwiri, singano. Mau onse a nyimbo ali m'timizere tija, ndipo singano imayenda m'menemo monga khasu mumzere. Ikabuntha kapena ikalemedwa imapala mbaleyo, ndipo chimene chapalika sichibwereranso. Pali timakina totsika mtengo tooneka ngati sutikesi, tokhala ndi masipika momwemo. Ndikuti chenjerani nato, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tambiri timakanikiza singano ndi magalamu 5 kapena kuposa, pamene makina abwino amangofuna magalamu 2 kapena 3. Tambirinso singano yake si ya dayamondi ndipo imatha msanga, pamene ya dayamondi imatha kuimba maola mazana angapo. Sankhani makina amene kumbuyo kwa mkono wake kuli kachitsulo kopotokola kochepetsera kulemera, komanso amene singano yake imachotseka ndipo ina imapezeka. Ya Audio-Technica ndi imodzi mwa zosavuta kupeza poitanitsa kunja. Ndipo chizolowezi chija choika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono kuti singano isadumphe tichisiye. Chimaletsadi kudumpha, koma chimadya mbale.

Chachitatu, musanyoze makina ogwiritsidwapo ntchito. Akale a Pioneer, Technics, Sansui kapena Garrard, ngati ali bwino, amaposa atsopano a mtengo womwewo. Koma muwayese wogulitsa ali pomwepo. Ikani kapepala m'mphepete mwa chozunguliracho ndi kuwerenga ndi wotchi: pa liwiro la 33 chizungulire ka 100 pa mphindi zitatu, pa la 45 chizungulire ka 45 pa mphindi imodzi. Chikamachedwa, kawirikawiri ndi lamba amene watamuka, ndipo lamba sadula. Gwirani mkono muuyendetse pang'onopang'ono. Ngati ukugwiragwira kapena ukugwedera, asiyeni. Mukagula, singano imene mwaipezapo muichotse ndi kuika yatsopano, chifukwa simukudziwa mtunda umene yayenda. Pa ndalama zanu zonse, za singano muyambe mwazipatula.

Chachinai, magetsi. Kuno ku Malawi ndi a mphamvu ya 230 volts ndi 50 hertz, ofanana ndi a ku Britain ndi ku South Africa. A ku America ndi 120 volts ndi 60 hertz, a ku Japan ndi 100 volts. Makina a kumeneko mukangowalumikiza pakhoma amapsa, ndipo ena akale a ku America, ngakhale mutapeza chochepetsera mphamvu, amazungulira mochedwa moti woimba amamveka ngati wadzuka kumene. Werengani kachikwangwani kali kumbuyo kapena pansi. Magetsi akazima zulani chingwe, poti akamabwera nthawi zina amabwera ndi ukali. Kumene kulibe magetsi, funani makina amene amalandira 12 volts, kuti batire ya sola ithandize.

Chachisanu, mau. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Mau ochokera ku singano ndi ochepa kwambiri, ndipo amafuna kukwezedwa ndi kukonzedwa asanafike ku sipika. Ampulifaya zakale ziri ndi polowetsera polembedwa kuti PHONO, ndipo makina ena atsopano ali ndi kokwezera kameneka m'kati. Ngati zonsezi palibe, kabokosi kake kamagulidwa pakokha. Mukatero, wailesi ya kaseti kapena sipika imene ilipo kale panyumba, bola ikhale ndi polowetsera polembedwa AUX, ikukwanirani. Masipika akuluakulu adikire chaka china. Koma musaike sipika patebulo limodzi ndi makina, chifukwa kunjenjemera kwake kumadumphitsa singano.

Nyengo ya kwathu nayo ikufuna nzeru. Chiperoni chikagwa mwezi wa June ndi July, chinyezi chimalowa paliponse, ndipo chuku chimamera m'timizere ndi m'mapepala a mbale. Mwezi wa October, kutentha kwa pansi pa malata kumazipinda. Mbale ziime chiriri ngati mabuku, kutali ndi dzuwa, kutali ndi khoma lonyowa ndiponso utsi wa kukhitchini. Zigwireni m'mphepete. Potsuka, madzi oyera a m'botolo othira m'batire ya galimoto, osati asidi, ndi kansalu kofewa zikwanira, ndipo pukutani motsata mizere. Za ka 78 musazithire sipiriti, zimasungunuka.

Wina anena kuti, "Nanga zonsezi n'zachiyani, poti nyimbo ziri pa foni?" Funsoli ndi lanzeru, makamaka kwa kholo limene limathyola tiyi kuyambira m'mamawa kuti fizi ipezeke. Ine sindinena kuti galamafoni ipikisane ndi fizi kapena thumba la fetereza. Ngati ndalama palibe, musagule kanthu. Mbale yosungidwa bwino idikira zaka zambiri osaonongeka, koma yoimbidwa ndi singano yobuntha imatha miyezi yochepa. Kudikira n'kwabwino kuposa kugula choononga. Koma si zoona kuti nyimbo zonse ziri pa foni. Zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 tikuzimva lero chifukwa zinasungidwa mosamala ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo tsopano iri ku Rhodes University. Nyimbo zina zambiri za oimba ang'onoang'ono sizinapeze mwai wotero. N'kutheka kuti mbale imene iri pansi pa kama kwanu ndi imodzi mwa zochepa zotsala.

Tsono ndikupempha inu makolo athu: musapatse ana mbale zija kuti aziponyerana pabwalo, ndipo musazigulitse kwa oyenda m'midzi musanadziwe chimene chirimo. Inunso abambo ansembe, m'nyumba zakale za mishoni muyang'ane m'zipinda zosungira katundu. Mwina muli makina amene akungofuna lamba ndi singano, pamodzi ndi mbale ngati ya Missa Luba imene Bambo Guido Haazen anajambula ndi ana a ku Kamina, ku Congo, mu 1958. Makina amodzi abwino pa parishi kapena pa sukulu angatumikire mabanja ambiri, aliyense kubwera ndi mbale zake, kumvera limodzi ndi kujambula nyimbozo pa kompyuta kuti zisatayike.

Anzanga aseminale, tchuthi chikubwerachi mufunse agogo akutsegulireni bokosi lija. Mulembe maina a oimba ndi manambala a liwiro, mupukute fumbi, muziimike bwino. Ntchito imeneyi siifuna ngakhale tambala imodzi. Makina mudzagula ndalama zikapezeka, ndipo tsikulo muyambe mwafunsa za singano.