Kulipira Sitima Yosaima Kwanu

Boma la Britain litapereka masitima m'manja mwa makampani potsatira lamulo la 1993, linalonjeza kuteteza antchito opita ku London tsiku ndi tsiku. Tikiti ya pachaka imagulidwa pamtengo wa masabata 40, choncho boma linati lidzayang'anira mtengo wa pasabata. Chitetezocho chinali ndi tsankho.

Kuyambira 2004, mtengowo unkakwera ndi 1 peresenti pamwamba pa kukwera kwa mitengo ya zinthu. Koma okwera masitima a Southeastern, ku Kent, anawasenzetsa 3 peresenti kuyambira 2007, ati alipirire masitima aliwiro a High Speed 1. Masitimawo anayamba kuwanyamula mu 2009. Kwa zaka ziwiri anthu ankalipira sitima yomwe inali isanaoneke. Chopweteka kwambiri n'chakuti wa ku Sevenoaks ndi wa ku Tunbridge Wells, komwe sitimayo siima n'komwe, analipira nawo.

Ngati zimenezo sizinakwane, makampani ankaloledwa kukweza tikiti ina ndi 5 peresenti yowonjezera, bola atsitseko ina. Kodi akanakweza iti? Ya munthu amene bwana akumudikira m'mawa, wopanda njira ina yofikira kuntchito.