Musunthireni Mlendo pa Mphasa

Omvera athu, tisanalowe pulogalamu ina, ndilankhuleko za magulu a amayi osoka ndi oluka kuno ku Phalombe, kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa. Ena adalowa m'magulu amenewa namondwe wa Freddy atawasiya manja ali m'khosi mu Malichi 2023, kuti azipeza kangachepe polumikiza tizidutswa ta zitenje n'kusoka zofunda ndi zikwama.

Tsiku lina ndidaona mayi wachilendo pagulu lina, atanyamula singano ndi ulusi wobwereka. Msoko wake woyamba udakhota. Mayi wamkulu pagulupo adamulanda nsaluyo, n'kumasula ulusi wonse anthu akuona, uku akufunsa kuti, "Kodi kwanu simusoka?" Anzake adaseka. Nthawi yakudya itakwana, mphasa idadzaza, iye n'kukhala payekha pa njerwa. Sadabwerenso.

Zimenezi zimandiwawa mumtima. Inu amene mudaseka, paja nanunso kale ulusi unkakukanikani kulowetsa pa singano.

Amayi apampando, mlendo akafika musunthireni pa mphasa, mumuonetse msoko pang'onopang'ono. Ndipo inu mayi amene mudachoka, ngati mukumvetsera, bwererani mukawauze apampando mmene zidakupwetekerani.