Nyali ikamaphethira tisamangoyatsa kandulo

M'nyumba zambiri za antchito m'mafamu a kuno ku South Africa mudakali nyali zazitali zija za chubu. Ikayamba kuphethira, ambirife timaigogoda ndi mtengo wa tsache, ikakana timayatsa kandulo. Ana amalemba homuweki kandulo ili pafupi ndi katani, chonsecho ndalama ya nyumba adula kale pa malipiro. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chithe.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma nyali iyi imaimba, bola kudziwa kumvera. M'kati mwa chubu muli mpweya ndi mercury pang'ono. Magetsi akadutsa mumpweyawo amatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo ufa woyera womwe anamata m'kati mwa galasi ndi umene umakusandutsa kuwala kumene timaona. Nyali zachikalezi zili ndi othandiza awiri: sitata, kachitini kakang'ono koyambitsa moto, ndi ballast, ena amati choke, yomwe imachepetsa magetsi kuti asapyole muyeso.

Nyali ikamangoyaka n'kuzima, kapena ikamafiira kumapeto kokha, kawirikawiri wolakwa ndi sitata. Zimitsani pa swichi yaikulu, kapotozeni pang'ono, kachoka; pitani nako ku hardware akupatseni kofanana nako. Kumapeto kwa chubu kukada bii, chubucho chakalamba, chisintheni. Nthawi zina chimakhala chitangosunthika, mukachipotoza n'kukhala bwino pamalo pake chimayaka. Ndipo a ku Ceres ndi madera ena ozizira musadabwe mu June ndi July nyali ikamachedwa kuyaka m'mamawa: chubu sichigwirizana ndi chisanu.

Dzanja lathu lilekezere pomwepo. Nyali ikamalira kwambiri ngati njuchi, ikamanunkha ngati phula lopserera, kapena ikamadontha zakuda, ndiye kuti ballast yapsa ndipo ikhoza kuyambitsa moto. Imeneyo, pamodzi ndi mawaya, ndi ntchito ya wodziwa zamagetsi. Magetsi a m'nyumba kuno ndi a 230 volts, amapha. Achimwene aja amene amati “ndimazitha” n'kulumikiza waya ndi pulasitiki ya buledi si otithandiza ayi.

Ena ati, “Ndife alendo, tikalankhula atithamangitsa.” Manthawo ndi omveka. Koma lamulo la antchito a m'mafamu, Sectoral Determination 13, likuti bwana asadule ndalama ya nyumba yoposa 10 peresenti ya malipiro, ndipo pakati pa zofunika kuti adule pali chakuti m'nyumbamo mukhale magetsi ngati pafamupo alipo. Kupempha kuti akonze si mwano. Tipite kwa kapitawo tili awiri kapena atatu, titumizenso uthenga wa WhatsApp ndi chithunzi cha nyaliyo, kuti mawa pasakhale wonena kuti sadamve.

Chinanso, chubu chakufa si chidole. Ana amakonda kuchiphulitsa pamwala, osadziwa kuti mercury ndi poizoni, makamaka kwa makanda ndi amayi oyembekezera. Chikasweka m'nyumba, tulutsani aliyense, tsekulani mawindo ndi chitseko kwa mphindi 15. Musasese. Wolani magalasi ndi katoni, pukutani ndi pepala lonyowa, zonse muike m'botolo lotsekeka. Musataye m'ngalande kapena pamoto wa zinyalala.

Nyali izi zikutha ndithu. Mu 2023 mayiko a m'pangano la Minamata anagwirizana zoti pofika kumapeto kwa 2027 asiye kuzipanga ndi kuziitanitsa kunja. Choncho bwana akamasintha, timupemphe aike ya LED. Chubu cha 1.2 mita chimadya mawati 36, pomwe LED yotalika chimodzimodzi imadya pafupifupi theka lake, ilibe mercury, komanso imayaka msanga ngakhale kuzizire. Kwa ife a mita ya prepaid, amenewo ndi mayunitsi otsala.

Tinasiya kwathu kuti ana aphunzire. Awerengere pa nyali yowala bwino, osati pa kandulo.