NDALAMA ZA ANTHU ZIGULE CUMA CA ANTHU

M'mwezi wa January 1973, boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia ndi Zambia, poganiza kuti dziko lopanda doko lidzagwada pakangopita masabata owerengeka. Zambia sanagwade, cifukwa anali atayamba kale kudzitsegulira njira zina. Paipi ya mafuta ya TAZAMA inafika ku Ndola mu 1968, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inatha kumangidwa mu 1975. Phunziro la zaka zimenezo linali lakuti dziko lokhala ndi khomo limodzi, pamene makiyi a khomolo ali m'thumba la mlendo, ufulu wake ndi wa pakamwa cabe.

Phunziro lomweli liyenera kukumbukiridwa lero m'maofesi a Boma, ngakhale kuti khomo la masiku ano silioneka ndi maso. Malipiro a aphunzitsi, misonkho, mbiri ya odwala ndi maina a ovota zimasungidwa m'makompyuta, ndipo kompyuta siigwira nchito popanda pulogalamu. Mapulogalamu ambiri ogulidwa ku makampani akunja ndi otsekedwa: malangizo olembedwa amene amawayendetsa, ochedwa source code, amakhala cinsinsi ca kampani. Cimene ofesi imagula ndi cilolezo ca kugwiritsira nchito pulogalamuyo, ndipo kawirikawiri cilolezoco cimalipiridwa caka ndi caka ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene anchito a m'migodi ya mkuwa ndi alimi amazipeza ndi thukuta. Pulogalamu ikalakwa, mwini yekha ndiye angathe kuikonza, ndipo akaganiza zoisiya, wogula alibe conena. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kupereka kwaulere zokonza za citetezo ca Windows 10, pamene makompyuta ambiri akale, amene akali ndi mphamvu, sangalandire Windows 11. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo.

Njira ina ilipo, ndipo si yatsopano. Mu 1983 Richard Stallman wa ku America anayambitsa nchito ya GNU, ndipo mu 1991 Linus Torvalds wa ku Finland anayamba kulemba Linux. Mapulogalamu aufulu amapatsa munthu aliyense mphamvu zinai: kuwagwiritsira nchito monga afunira, kuphunzira m'mene anapangidwira ndi kuwasintha, kugawira ena, ndi kugawiranso zimene wasintha. Ufulu umene ukunenedwa pano ndi wonga wa mlimi amene ali ndi mbewu yakeyake m'nkhokwe: amabzala pa nthawi yake, amasankha yabwino, ndipo amapatsako mnansi wake popanda kupempha cilolezo kwa wamalonda.

Mu 2017 bungwe la Free Software Foundation Europe linayamba kulimbikitsa mfundo yakuti pulogalamu yolembedwa ndi ndalama za misonkho iyenera kukhala ya anthu onse. Ku Switzerland lamulo limene linayamba kugwira nchito mu 2024 limakakamiza maofesi a boma lalikulu kuulula source code ya mapulogalamu amene awalembetsa, kupatulapo pamene pali cifukwa ca citetezo kapena ufulu wa eni ena. M'caka comweco cigawo ca Schleswig-Holstein ku Germany cinagamula zosamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux. Ngati maiko olemera akuopa kudalira kampani imodzi, dziko losauka liyenera kuopa koposa.

Zambia ali nao kale umboni wakewake. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala, kuphatikizapo za malungo, kudzera mu DHIS2, pulogalamu yaufulu imene imayang'aniridwa ndi yunivesite ya Oslo ndipo imagwiritsiridwa nchito m'maiko oposa 70. Cimene dziko limodzi lakonza mu pulogalamuyo cimathandizanso maiko ena. Umu ndi m'mene makolo anali kulimira dima, munda wa uyu lero, wa uyo mawa.

Nchito yosindikiza nayonso ingapindule. Magazini ya Full Circle, imene inayamba kutuluka mu 2007, imalembedwa ndi anthu odzipereka, imayalidwa ndi pulogalamu yaufulu ya Scribus, ndipo aliyense ali ndi cilolezo ca kuigawira ndi kuimasulira m'cinenero cake. Zipangizo zomwezo zingathe kutulutsa timabuku ta alangizi a zaulimi ndi nyuzipepala za m'zigawo m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Kampani ya kutali imaika mtima pa cinenero cimene cili ndi msika waukulu. Pulogalamu yaufulu imalola aphunzitsi a ku Chipata kapena ku Mongu kulowetsamo okha mau a cinenero cao, kuti kompyuta izitha kuongola kalembedwe kake.

Alipo ena amene amatsutsa, ndipo amachula mzinda wa Munich ku Germany. Mzindawo unagamula mu 2003 zosamukira ku Linux, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamutsidwa, koma mu 2017 khonsolo inavota zobwerera ku Windows. Limodzi mwa madandaulo linali lakuti makalata ocokera ku maofesi ena sanali kutseguka bwino. Nkhaniyi ndi cenjezo loyenera kulimvera. Apolisi a Gendarmerie ku France anayenda pang'onopang'ono: anayamba ndi OpenOffice mu 2005, ndipo anchito atazolowera, anayamba kusamukira ku Linux mu 2008. Aliyense wouza Boma kuti kusamuka kulibe mtengo akunama. Ndalama zidzafunika zophunzitsira makalaliki ndi zolipira akatswiri. Kusiyana kwake nkwakuti ndalama zimenezi zingalipiridwe m'makwaca kwa anyamata ndi atsikana otsiriza maphunziro pa University of Zambia ndi pa Copperbelt University, ndipo nzeru yake idzatsala m'dziko muno.

Cotero Boma, kudzera mu Smart Zambia Institute ndi maunduna onse, liyenera kucita zinthu zitatu. Coyamba, pangano lililonse lolembetsa pulogalamu yatsopano linene poyera kuti source code idzakhala ya Boma ndi anthu ake. Caciwiri, makalata onse a Boma azisungidwa m'njira yotseguka, monga ya OpenDocument, kuti mdzukulu adzathe kuwerenga ciphaso ca munda wa agogo ake popanda kulipira kampani iliyonse. Cacitatu, makompyuta akale asatayidwe msanga: aikidwe Linux ndi kuperekedwa ku masukulu, kumene ana adzaphunzira kutsegula pulogalamu ndi kuona za m'kati mwake.

Nduna, aphungu, alembi aakulu a maunduna ndi makhansala ali ndi udindo wa kufunsa funso limodzi asanasaine pangano lililonse: kodi kampaniyi ikacoka mawa, nchito ya anthu idzapitirira? Ngati yankho ndi lakuti iai, panganolo lisasainidwe.