Lamulo lilipo, koma mwana wa autismo akadali pakhomo

Mu 2024 Mozambique idakhazikitsa lamulo loteteza anthu olumala. Koma ku Entre Lagos, mwana wa zaka zitatu akakhala wosayankhula, wosacheuka pomuitana, kawirikawiri amayamba waonedwa ndi sing'anga, achibale n'kumaloza mayi chala. Autismo sabwera ndi ufiti kapena katemera, ndi kakulidwe kosiyana ka ubongo. Bungwe la OMS lidayerekeza kuti amapezeka mwa mwana mmodzi pa 100 alionse.

Chopinga chachikulu ndi mtunda. Kukamuyezetsa ku Cuamba kapena ku Lichinga kumatanthauza kusiya munda, ndipo ndalama ya chapa imachoka pa ya ufa. Kusukulu amamulemba ndithu, koma mphunzitsi wa kalasi yodzaza, yemwe sadaphunzire kuthandiza mwana wotere, amangomuyang'ana. Chaka chisanathe, mwanayo wabwerera pakhomo.