Mlandu Suwola: Mariska Hargitay ndi Mabokosi a ku Detroit

Akuluakulu akamati mlandu suwola ankanena motsimikiza, chifukwa pamudzi mlandu unkasungidwa m'mitu ya anthu. Wolakwa akathawira kumigodi ya ku Johannesburg, nkhani inkatsala ndi nyakwawa, ndi mwini mbumba, ndi agogo amene adaona zonse ali pakhonde. Akabwerako patapita zaka 10, bwalo linkakhala ngati zidachitika dzulo. Mwambiwu udali chenjezo kwa wolakwa komanso chitonthozo kwa wolakwiridwa. Koma udali woona chifukwa padali munthu wokumbukira, amene sankatopa kufunsa kuti kodi nkhani ija ili pati.

Mu 2009, mumzinda wa Detroit ku America, anthu a ku ofesi ya woimira boma pa milandu adalowa m'nyumba ina imene apolisi ankasungiramo katundu, ndipo adapezamo mabokosi 11,341 ataunjikidwa. Bokosi lililonse lidali la munthu amene adagwiriridwa, nalimba mtima kupita kuchipatala kukapimidwa. Ena mwa mabokosiwo adakhala mmenemo kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo ochuluka adali asanafikepo kulabotale.

Tiyeni tisuzumire m'kabokosi kamodzi, chifukwa nambala payokha simapweteka. Mayi amafika kuchipatala asanasambe, poti madzi amachotsa umboni. Namwino amamuimika papepala lalikulu loyala pansi kuti kanthu kalikonse kogwa pamene akuvula kasatayike. Amamupesa tsitsi, amapala kunsi kwa zikhadabo, amapukuta ndi kathonje m'kamwa ndi malo obisika, amajambula mabala ndi mikwingwirima. Chilichonse chimalowa mu envulopu yakeyake, n'kumata, n'kulembapo dzina ndi tsiku. Ntchitoyi imatha kutenga maola 4 mpaka 6, pathupi limene langochitidwa kumene chipongwe. Mayiyo amapirira zonsezi pokhulupirira kuti DNA imene yapezeka idzaloza munthu amene adamuchita zimenezi. Akatero amabwerera kwawo kukadikira foni ya apolisi, osadziwa kuti bokosi lake laikidwa pashelefu ndipo palibe adzalitsegule.

Mmodzi mwa anthu amene adakana kuti nkhani imeneyi izilale ndi katswiri wa zisudzo za pa TV, Mariska Hargitay. Amene amaonera Law & Order: Special Victims Unit amawadziwa ndi dzina la Olivia Benson, wapolisi wa ku New York wofufuza milandu ya kugwirira ndi nkhanza kwa ana.

Mayi Hargitay adabadwa pa 23 Januwale 1964. Mayi awo, Jayne Mansfield, adali wotchuka kwambiri m'mafilimu a ku Hollywood m'zaka za m'ma 1950. Usiku wa pa 29 Juni 1967 galimoto imene adakwera kuchokera ku Biloxi kupita ku New Orleans idawomba kumbuyo kwa chilole. Akuluakulu atatu amene adakhala kutsogolo adafera pomwepo. Ana atatu amene adagona kumpando wakumbuyo adapulumuka, ndipo wamng'ono pa onsewo adali Mariska, wazaka 3. Chipsera cha ngoziyo chidakalipo pamutu pawo. Adaleredwa ndi Mickey Hargitay, mbadwa ya ku Hungary amene adapambana mpikisano wa Mr. Universe mu 1955.

Dzina la mayi silidawatsegulire njira msanga. Kwa zaka zoposa 10 ankangopatsidwa mbali zing'onozing'ono, lero apa mawa apo, m'masewero monga Falcon Crest ndi ER. Sewero la Olivia Benson lidayamba kuonetsedwa pa NBC mu Sepitembala 1999 ali ndi zaka 35. Adalandira mphoto ya Golden Globe mu 2005 ndi ya Emmy mu 2006, ndipo mu 2019 seweroli lidaposa Gunsmoke, limene lidakhala zaka 20 pa TV. Zimenezo ndi zabwino, koma si zimene zandichititsa kulemba.

Aliyense wotchuka pa TV amalandira makalata opempha chithunzi. Makalata a Mayi Hargitay adali ena. Ankachokera kwa anthu amene adagwiriridwa, ena akadali ana, ndipo ambiri ankalemba kuti aka kadali koyamba kuuza munthu wina aliyense. Akadatha kuyankha kuti ine ndimangoloweza mawu amene anzanga alemba, pitani kwa alangizi, ndipo palibe akadawadzudzula. Koma mnzako akapsa ndevu m'zimire. Iwo adaphunzira uphungu wothandiza anthu ogwiriridwa, ndipo mu 2004 adakhazikitsa bungwe la Joyful Heart Foundation.

Poyamba bungweli linkatengera anthu otere ku Hawaii kuti akapume, akacheze ndi alangizi, akasambire m'nyanja. Amene adapitako adapindula, ndipo munthu wosweka mtima amafunikadi malo abata. Koma ulendo wotere umakwana anthu owerengeka. Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti atamva za mabokosi osapimidwa sadakakamire ntchito yokoma m'maso, yotuluka bwino pazithunzi. Adalowa m'ntchito yotopetsa imene anthu otchuka ambiri amaithawa: kuwerenga mabokosi, kufunsa apolisi mzinda ndi mzinda kuti muli nawo angati, kukhala pamabenchi a nyumba za malamulo kudikira nthawi yoyankhula. Mu 2010 adakaonekera pamaso pa komiti ya aphungu ku Washington pa nkhani yomweyi. Bungwe lawo lidayambitsa ntchito ya End the Backlog, imene zofuna zake n'zomveka kwa aliyense: chigawo chilichonse cha America chiwerenge mabokosi amene ali nawo, akale onse apimidwe, atsopano asamagonenso pashelefu, mwini bokosi azidziwa pamene bokosi lake lafika, ndipo boma liikepo ndalama. Zigawo zambiri tsopano zili ndi malamulo otere.

Nanga zidatheka bwanji kuti mabokosi achuluke chonchi? Yankho loyamba limene akuluakulu a polisi ankapereka lidali ndalama. Kupima bokosi limodzi kumadya madola pafupifupi 1,000 kapena kuposerapo, ndipo Detroit udali mzinda wosauka, umene mu 2013 udalengeza kuti walephera kubweza ngongole zake. Koma ofufuza otsogozedwa ndi Rebecca Campbell wa pa yunivesite ya Michigan State atawerenga malipoti akale a apolisi adapeza chifukwa china chowawa kuposa umphawi. Apolisi ambiri sankawakhulupirira amayiwo. Wina ankamulemba kuti ndi woyendayenda, mtsikana wachichepere ankamuganizira kuti wapeka nkhani poopa makolo, wina ankamukayikira chifukwa sankalira pofotokoza. Ambiri mwa amayiwa adali achikuda ochokera m'madera osauka. Padalinso maganizo akuti ngati mayi akumudziwa amene adamugwirira, kupima DNA n'kutaya ndalama, poti dzina lilipo kale.

Mabokosi a ku Detroit atapimidwa, maganizo amenewo adaonekera poyera kuti adali olakwika. Padapezeka amuna oposa 800 amene DNA yawo idatuluka m'milandu yoposa umodzi, ndipo ena adakapalamula m'zigawo zina zakutali. Mwamuna amene mayi uyu ankamudziwa bwino ndi yemweyo amene adagwirira mayi wina mumdima osadziwika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bokosi lililonse limene wapolisi adalikankhira pambali chifukwa chosakhulupirira mayi mmodzi lidasiya mayi wina, amene sadadziweko kanthu, ali pangozi.

Mu Sepitembala 2015 Joe Biden, ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, pamodzi ndi woimira boma pa milandu ku Manhattan, Cyrus Vance, adalengeza ndalama zokwana madola pafupifupi 79 miliyoni zopimira mabokosi m'mizinda yosiyanasiyana, ndipo Mayi Hargitay adali pomwepo. Mu 2017 adatulutsa filimu ya zochitikadi yotchedwa I Am Evidence, imene idatsatira amayi a ku Detroit, Cleveland ndi Los Angeles, ndipo idapata mphoto ya Emmy mu 2019. Komabe tisadzinamize kuti chilungamo chidafika kwa onse. Ku Detroit milandu imene idathera pa kumanga wolakwa ndi yongopitirira 200, pa mabokosi 11,341. Amayi ena adamwalira akudikira, ena adasamuka osapezekanso, ena adati musandikumbutse. Ndipo m'zigawo zambiri za America muli malamulo oika malire a zaka zimene mlandu ungazengedwe, moti DNA idaloza munthu bwinobwino koma khoti silikadathanso kumukhudza. Pamenepa mlandu udawoladi, ndipo adauwoletsa ndi anthu amene adalembedwa ntchito youteteza.

Pali odzudzula amene ndiyenera kuwamvera. Iwo amati sewero limene lidatchukitsa mayiyu limanamiza anthu, chifukwa Olivia Benson amakhulupirira wodandaula aliyense, amathamangitsa umboni kulabotale tsiku lomwelo, ndipo ola lisanathe wolakwa amakhala ali m'khoti. Mtsikana amene wakula akuonera zimenezi akapita kupolisi yeniyeni amakumana ndi zina. Kudzudzulaku n'koona. Mphamvu ya sewero pa maganizo a anthu si yochepa, ndipo ifenso timaidziwa: a Michael Usi adafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, koma anthu sadasiye kuwatchula Manganya wa mu Tikuferanji. Mu Epulo 2024, akujambula seweroli papaki ina ku New York, kamtsikana kamene kadasochera kadaona baji m'chiuno mwa Mayi Hargitay, nkuthamangira kwa iwo kuyesa wapolisi weniweni. Iwo adaimitsa kujambula kwa mphindi pafupifupi 20 mpaka mayi wa mwanayo atapezeka. Chikhulupiriro chotere chimatha kugwiritsidwa ntchito molakwika. Munthu angathe kugulitsira nacho zodzola, kapena kuphimbira nacho zolakwa za apolisi. Mayiyu adachitenga n'kukaimirira nacho pakhomo la nyumba yosungiramo katundu ya apolisi omwewo, kufunsa chifukwa chake mabokosi sadatsegulidwe. Kwa ine limenelo ndi yankho lokwanira kwa odzudzula, ngakhale silikonza seweroli.

Tisaiwalenso kuti amene adasenza mtolo wolemera ku Detroit ndi Kym Worthy, woimira boma pa milandu m'dera la Wayne, amene adayenda kupemphetsa ndalama kwa amalonda ndi magulu a amayi kuti mabokosi apimidwe. Mayi Hargitay adabweretsa makamera ndi makutu a aphungu, zinthu zimene loya wa mumzinda wosauka sakadazipeza yekha.

Kwathu kuno umboni umakwiriridwa mwanjira ina. Amalume ndi azakhali amakumana usiku, namangana kuti nkhaniyi ithere m'nyumba momwemu, poti wolakwayo ndi wachibale, kapena ndiye wogula ufa, kapena ndi munthu wolemekezeka pamudzi. Mwana amasambitsidwa, zovala zimachapidwa, mbuzi kapena ndalama zimasinthana manja, ndipo zimenezi timazitcha kusunga ulemu wa banja. Chonsecho kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo pazipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre pali malo a Chikwanekwane, pamene namwino, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Masiku atatu amene banja limathera pokambirana za manyazi ndi omwewo amene mwana akadatetezedwa ku matenda a moyo wonse.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kym Worthy adanenapo poyera kuti iyenso adagwiriridwa ali pasukulu ya zamalamulo. Za Mayi Hargitay, kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ndi munthu wachifundo chabe amene makalata adamukhudza. Mu Januwale 2024 adalemba nkhani m'magazini ya People yoululira dziko kuti nawonso adagwiriridwa ali ndi zaka za m'ma 30, ndipo wochita zimenezi adali mwamuna amene ankamuyesa mnzawo. Adafotokoza kuti adayesa kumuletsa ndi mawu, kenaka thupi lidangouma ndi mantha. Pambuyo pake adaichotsa nkhaniyo m'mutu, moti ngakhale pouza amuna awo, Peter Hermann, ankaichepetsa, osafuna kuitchula kuti kudali kugwiriridwa.

Funso limene wodandaula amakumana nalo pakauntala ya polisi, m'khoti ndi pabwalo la achibale ndi lakuti, ngati zidachitikadi, bwanji sudanene nthawi yomweyo? Mariska Hargitay adali ndi ndalama, maloya, mwamuna womukonda ndi bungwe lakelake lothandiza ogwiriridwa. Adaphunzira uphungu, adayankha makalata osawerengeka a anthu onga iye, adayankhula pamaso pa aphungu. Ndi zonsezo, zidamutengera zaka zoposa 20 kuti anene poyera za iye mwini, kutangotsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 60.