Nkhope za pa Kanema ndi Mawu Akuti "Woyera"

Amene mumaonera masewero a ku India pa Zee World mukudziwa momwe mkazi wa m'masewerowo amadzukira m'mawa. Amavundukula bulangete milomo ili psuu, nsidze zili zolembedwa bwino, tsitsi lili m'malo mwake ngati sanagonepo. Angalire maliro a mwamuna wake magawo atatu otsatizana, koma misozi siisiya mzere pa tsaya. Izi timaziseka tonse. Chimene sitichiseka, chifukwa sitichiona n'komwe, ndi chakuti wosewera mbali ya mkazi wabwino kawirikawiri amakhala wa khungu lowala, ndipo ife tikamakambirana seweroli timangoti, "uja woyera uja."

Nkhope imeneyo ndi ntchito ya manja a anthu. Pamakhala wodzoza amene amatha nthawi yaitali akusalaza khungu ndi zophodaphoda, wina woyang'anira magetsi owalitsa, ndi winanso amene amakonza mitundu pa kompyuta kujambula kukatha. Zodzoladzola zina zotchuka zinapangidwira kamera, osati msewu. M'zaka za m'ma 1930 kampani ya Max Factor inapanga Pan-Cake chifukwa zodzola zakale zinkanyezimira moipa m'mafilimu a mitundu a Technicolor, ndipo pambuyo pake ndi pamene inayamba kugulitsidwa kwa aliyense. Choncho mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Matero akamadziyerekeza ndi nkhope ya pa kanema, akupikisana ndi gulu lonse la akatswiri, iye ali yekha ndi kagalasi kake.

Vuto langa lenileni lili m'chinenero chathu. Mneni wakuti kuyera amasenza katundu wochuluka. Mbale yotsukidwa yayera. Ufa wabwino ndi woyera. Kutchalitchi timatchula Mzimu Woyera, ndipo munthu wosasunga chakukhosi timati ndi woyera mtima. Kuda nako kuli ndi mtolo wake: malaya ada, kunja kwada, mtima wada. Ndiye mawu awiri omwewa ndi amene timatchulira khungu la munthu. Mwana amene mayi ake amamukalipira kuti "wada, kasambe" ndi yemweyo amene adzamve alendo akunena kuti "uyu ndi wakuda, sanatengere mayi ake." Palibe amene amafuna kumunyoza, koma khutu la mwana silisiyanitsa matanthauzo monga amachitira mtanthauziramawu.

Sindikunena kuti chinenero chimalamula maganizo a munthu. Amene anaphunzira za zinenero akudziwa kuti mfundo imeneyo ikakokedwa kwambiri imaduka. Ndikunena kuti kanema akabweretsa chithunzi chakuti wowala khungu ndiye wokondedwa, chimapeza mawu athu atachiyalira kale mphasa. Amalonda nawonso anaona mwayi. Pa msika timati "mafuta oyeretsa khungu," ngati kuti khungu lakudalo ndi litsiro lofunika kuchotsa. Dzina loona likanakhala lakuti mafuta osupula khungu.

Kusupulako si nkhambakamwa. Ena mwa mafutawa amakhala ndi mercury, amene amawononga impso. Ena ali ndi ma steroid amene amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera ndi zilonda kuchedwa kupola. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda m'masaya zovuta kuchiza, moti wofuna kuyera uja amathera pa kuda kumene ankakuthawa. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, koma timachubu take tikadali kuwoloka malire m'zikwama. Ku India komwe kumachokera masewerowa, mafuta a Fair & Lovely, amene anayamba kugulitsidwa mu 1975, anasinthidwa dzina mu 2020 n'kukhala Glow & Lovely anthu atadandaula. Anasintha liwu limodzi lokha, ndipo zimenezo zikusonyeza kuti eni malondawo amadziwa kulemera kwa liwu kuposa ife.

Wina asandimve ngati ndikudana ndi kudziphoda. Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi ndi kutema mphini, ndipo amayi a Chimakua ku Nampula amapakabe mussiro kumaso mpaka lero. Kudzikongoletsa si chinthu chobwera ndi DStv. Lipisitiki amachoka ndi madzi madzulo, mwini nkhope n'kutsala momwe analili. Ndipo pamene Fenty Beauty ya Rihanna inatulutsa mitundu 40 ya zophoda mu 2017, zinaoneka poyera kuti akazi akuda ankangosowa chowayenera, si kuti khungu lawo linali lovuta.

Mawu ena tili nawo, kungoti tawaika pa tsindwi. Akuluakulu ankayamikira namwali wobiriwira, ndipo m'liwu limenelo mulibe fungo la litsiro. Tili ndi wofiirira ndi woderako. Abale a ku Zambia amati wosweta, liwu lonena za kufiira, losakhudzana ndi sopo kapena chiyero. Omasulira mafilimu m'Chichewa, amene mawu awo amamveka m'mavidiyo sho m'misika yathu, olemba masewero a pa wailesi ndi a pa kanema, ndiponso ife olemba muno, tingathe kusankha mwa mawu amenewa tikamafotokoza nkhope ya munthu. Inu a ku Tete, Angónia ndi Chipata, tiuzeni mawu amene agogo anu ankatchulira khungu lokongola, tiwasonkhanitse asanapite nawo kumanda.